Kapinga akuuma chonsecho mvula ikugwa: mbozi zoyerazi ndizitani?

"Ndimakhala ku Chelstone, mu Lusaka. Kapinga wanga ndi wa mtundu wa Kikuyu, ndinadzala zaka zinayi zapitazo ndipo sanandivutepo. Koma kuyambira kumapeto kwa Januwale wayamba kuchita zigamba zachikasu, kenako n'kuumiratu, chonsecho mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse. M'mawa akhwangwala akumatera n'kumajompha, usiku galu akufukula. Mnyamata wosamalira pabwalo atakoka udzuwo unangosendeka ngati mkeka, pansi pake panali mbozi zoyera zonenepa, zopindika. Aneba akuti ndiwazepo Furadan, ena akuti mchere kapena oyilo wakutha wa galimoto. Adzukulu anga awiri amasewera pomwepo, ndili ndi nkhuku zochepa, ndipo madzi timamwa a borehole ya pakhomo. Mu Epulo tili ndi kitchen party ya mwana wanga pabwalo lomweli. Ndithandizeni." Amayi a ku Chelstone

Amayi, khazikani mtima pansi, bwalo lanu silinathe. Kikuyu ndi udzu wouma mutu. Amayenda ndi mawaya ake pamwamba ndi pansi pa dothi, moti malo amene lero aoneka ngati dazi amatha kutsekeka pamilungu ingapo ngati chomwe chikudya mizu chachepa. Mwachita bwinonso kufunsa musanathire kanthu, chifukwa zinthu zitatu zimene anebawo akuuzani, zonse ndikukukanizani. Ndifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe tamudziwa mdaniyo.

Zimene mwaonazo ndi mbozi zoyera, ana a zikumbu. Mukukumbukira mvula yoyamba ija, kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, usiku umene inswa zimatuluka? Pamodzi ndi inswazo pamabwera zikumbu zofiirira ndi zina zakuda, zouluka mwaphokoso, zimene zimadziwombetsa pababu la pakhonde n'kugwa chagada, m'mawa n'kuzisesa. Zimenezo ndiye amayi ake a mbozizi. Zikakwerana zimalowa m'dothi lonyowa ndi lofewa n'kuikira mazira, ndipo palibe malo amene zimakonda kuposa kapinga wothiriridwa bwino, pomwe kwina konse kukadali gwa. Pakapita milungu iwiri kapena itatu mazira aja amaswa. Timbozi take timakhala tating'ono ngati njere ya mpunga, kudya kwake kosaonekera. Timafundula kawiri, ndipo tikafika msinkhu wachitatu ndiye kudya kumayamba mwamphamvu. Nthawi imeneyo ndi ino, Januwale mpaka Malichi kapena Epulo. Mvula ikatha zimatsikira pansi kwambiri, kusanduka zikwa, kudikira mvula ina kuti zituluke ngati zikumbu. Mitundu ina imatenga zaka ziwiri kuti imalize ulendo umenewu.

N'chifukwa chake udzu ukuuma mvula ili mkati. Madzi alipo, koma chomwera chadulidwa. Galu ndi akhwangwala musawade, akungotsatira ndiwo. Ndipotu ine ndikafika pakhomo la munthu ndimayamba ndaona pamene akhwangwala akutera, amandisonyeza pokumba.

Tsopano mverani ichi, chifukwa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Kupeza mbozi sikokwanira. Mabwalo ambiri athanzi mu Lusaka muno ali ndi mbozi zingapo pansi, ndipo eni ake sadziwa n'komwe. Funso ndi lakuti zilipo zingati. Tengani fosholo, mupite m'mphepete mwa chigamba, pamene chouma chikukumana ndi chobiriwira. Pakati penipeni musavutike napo, pamenepo zinadya kale n'kusamuka. Dulani kachigawo ka masentimita 30 uku ndi uku, mbali zitatu zokha, kuzama ngati masentimita 10, n'kukatembenuza ngati mukutsegula chivindikiro. Fumbulani dothi ndi zala, muwerenge. Chitani zimenezi malo asanu kapena asanu ndi limodzi, kuphatikizapo pamene pakuoneka bwino. Mulingo umene ambiri timayendera ndi uwu: zikakhala zosakwana zisanu pakachigawo kamodzi, udzu wathanzi umapirira, mankhwala safunika. Zikafika khumi kapena kuposa, ndiye kuti ndi zomwezo zikupha bwalo. Pakatipa mumaona mmene udzu ulili. Mukatha bwezerani kachigawoko, mupondepo, muthirire.

Muziyang'anenso bwino. Mbozi yodya mizu ndi yoyera ngati mkaka, mutu wofiirira, miyendo isanu ndi umodzi pafupi ndi mutu, kumatako kwake kwakuda chifukwa cha dothi la m'mimba, ndipo imapindika ngati chilembo cha C. Koma pali ina yofanana nayo imene imapezeka padzala ndi m'mulu wa manyowa. Iikeni pasimenti. Ikagona chagada n'kumayenda ndi msana, miyendo ili m'mwamba, imeneyo ndi mwana wa zikumbu zodya zipatso, chakudya chake ndi zowola basi. Ilibe mlandu ndi kapinga wanu, ikukuphikirani manyowa. Ndaona anthu akuthira poizoni pakompositi yonse chifukwa cha iyoyo.

Pazimene mwafotokoza, makamaka kusendeka ngati mkeka kuja, sindikukayika kuti zanuzo ndi zodya mizu. Komabe ena owerenga ali ndi zigamba zofanana pomwe chochititsa n'china. Pali mbozi zodya masamba, ana a kadziwotche, za banja limodzi ndi ntchemberezandonda zimene zinavuta m'minda mu Disembala 2012 ndi zachilendo zija zimene zinalowa m'chimanga kumapeto kwa 2016. Za pakapingazi zimadya usiku, masana n'kubisala kutsinde. Udzu umaoneka ngati wametedwa ndi lezala, koma ukaukoka sukuzuka chifukwa mizu ili bwino. Kuti muzigwire, yalani chiguduli chonyowa pabwalo madzulo, m'mawa mukavundukule, muzipeza zadzipinda pansi pake. Kapena sungunulani masupuni awiri aakulu a sopo wamadzi wotsukira mbale m'malita 8 a madzi, muthire pamalo a mita imodzi uku ndi uku. Pamphindi khumi zimatuluka zokha. Mbozi zoyera sizituluka ndi sopo, izo mpaka kukumba. Chiswe chimadula udzu m'chilimwe n'kumaukokera kuuna, nkhululu imasiya kabowo ndi kamulu ka dothi, mfuko amakweza mitumbira. Mkodzo wa galu umapanga kachigamba kozungulira, pakati kopsa, m'mphepete mobiriwira kwambiri.

Ndipo pali china chimene chinandiphunzitsa ineyo kudzichepetsa. Ndikuyamba kumene ntchito, ndinapopera bwalo lina cha ku Chalala katatu konse, nditapezamo mbozi ziwiri zokha koma mtima uli pakuonetsa kuti ndikudziwa. Chigamba sichinasinthe. Tsiku limene ndinalasa fosholo mwamphamvu, inalira pamwala. Omanga nyumba anakwirira zidutswa za mabuloko ndi simenti, n'kuwaza kadothi kakuda pamwamba, ndipo dera lakelo thanthwe lili pafupi kale. Mankhwala onse aja anapita pachabe, ndipo kumene anatsikira ndi kumadzi amene banjalo linkamwa. Mpaka lero zimandiluma.

Apa ndiye pali nkhani ya borehole yanu. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pamiyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a pansi sali kutali, makamaka nthawi ya mvula. Chimene mwathira pamwamba sichisefedwa bwino ngati m'madera a dothi lakuya. Oyilo wa galimoto amapha udzu, amapha dothi kwa zaka, ndipo pang'ono chabe amawononga madzi ambiri. Mchere umaotcha mizu yomwe mukufuna kupulumutsayo, ndipo ukalowa m'dothi kuuchotsa n'kovuta. Furadan, amene mankhwala ake enieni ndi carbofuran, ndi poizoni woopsa kwambiri. Timibulu take nkhuku imatola ngati mapira. Amapha mbalame, amapha galu wodya mbalameyo, ndipo mwana akatola n'kuika mkamwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Ku Ulaya ndi ku America anamuletsa pambewu zodyedwa. Pakhomo pamene pali adzukulu, nkhuku, galu ndi borehole, ameneyo asalowe ngakhale pageti. Chimodzimodzi timapaketi topanda dzina timene ena amagulitsa m'misewu akuti "kamapha zonse". Chimene chilibe lebulo simungadziwe mulingo wake, ndipo adokotala sangadziwe chothandizira munthu akamwa.

Nanga muchite chiyani panopa? Ndikuuzani zoona ngakhale sizikoma: mu Febuluwale mbozi zakula kale, ndipo mbozi yaikulu imavuta kupha ndi mankhwala. Mankhwala abwino ambiri amagwira timbozi tating'ono ta mu Novembala ndi Disembala. Ndiye chaka chino ntchito yanu yaikulu ndi ya manja ndi yobwezeretsa udzu.

Pazigamba zimene zasendeka kale, muuzeni mnyamatayo apinde udzuwo ngati mkeka womwewo, agawule dothi ndi foloko kuzama masentimita 10 kapena 15, atole mbozi zonse m'ndowa. Kenako tsegulirani nkhuku. Nkhuku zitatu pachigamba chogawulidwa zimagwira ntchito imene botolo silingagwire, ndipo za m'ndowa zija ndi chakudya chawo chabwino, bola musanathirepo mankhwala alionse. Mukhale pomwepo kuti zisapitirire kupalasa maluwa. Bwerezani pakapita masiku atatu kapena anayi, chifukwa zina zimakhala zatsikira pansi. Nthawi yabwino ndi m'mawa dothi lili lonyowa, pamene zimakwera pafupi ndi mizu. Pabwalo la pakhomo wamba la ku Chelstone, ntchito imeneyi ndi ya masiku awiri kapena atatu, ndipo imachepetsa mbozi mooneka.

Mukatero salazani dothi. Udzu wosendeka uja ngati mawaya ake akadali aawisi mukawathyola, ubwezereni, mupondeponde kuti ugwirane ndi dothi. Pamene waferatu, dulani timagawo tating'ono kumalo athanzi, kumpanda kapena kuseri kwa nyumba, mudzale motalikirana ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Wazani pamwamba mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi kompositi yopsa bwino, pang'ono chabe, masamba azionekabe. Pakapita milungu iwiri udzu utagwira, thirani feteleza wobereketsa pang'ono, mvula ikugwa kapena muthirire nthawi yomweyo kuti asaotche. Musachulutse poganiza kuti mufulumizitsa. Udzu wopanda mizu sungadye feteleza wambiri, wotsalayo amangotsikira pansi. Masiku amene mvula yadukiza muzithirira pang'ono tsiku lililonse pazigambazo, chifukwa mizu yake ikadali yaifupi. Potchetcha kwezani makina, musiye udzu wa masentimita asanu kapena kuposerapo. Chizolowezi chopala bwalo ndi silasha mpaka dothi kuonekera chimafooketsa mizu, ndipo mizu yofooka ndi imene mbozi zochepa zimaigonjetsa.

Za kitchen party musataye mtima. Mukayamba sabata ino muli ndi milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, kukadali kotentha ndiponso konyowa, ndipo Kikuyu amathamanga nyengo imeneyi. Chikatsala chigamba chimodzi, tenti ndi matebulo aikeni pomwepo, alendo amayang'ana mkwatibwi. Chimene simuyenera kuchita ndi kudikira mpaka Meyi, chifukwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukafika udzu umaima kukula.

Ngati mwawerenga n'kupeza zoposa khumi pafupifupi paliponse, bwalo n'lalikulu moti manja sangakwanitse, mankhwala akhoza kuganiziridwa. Pitani kusitolo yovomerezeka ya zaulimi, mutenge mbozi zingapo m'botolo, ndipo mufunse dzina la mankhwala enieni amene ali mkatimo, osati dzina la malonda lokha. Mankhwala a tizilombo m'dziko muno amayang'aniridwa ndi ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, choncho gulani okhawo ololedwa, amene lebulo yake ikutchula mbozi za m'dothi. Amene amadziwika pantchito imeneyi ndi chlorantraniliprole ndi imidacloprid. Ine ndimakonda woyambayo akapezeka, ngakhale ndi wokwera mtengo, chifukwa ngozi yake pa anthu, ziweto ndi njuchi ndi yochepa, ndipo amagwiranso mbozi zodya masamba. Imidacloprid ndi wotsikirapo mtengo koma amapha njuchi, komanso amayenda ndi madzi m'dothi, ndiye pafupi ndi borehole sindimulimbikitsa. Onse awiriwa mphamvu yawo ili pa timbozi tating'ono. Cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin, amene ambiri amakhala nawo kale chifukwa cha masamba a kudimba, amakakamira paudzu ndi pazinyalala za pamwamba, safika kumizu. Ndi othandiza pa mbozi zodya masamba, mukapopera madzulo, koma pa zoyerazi n'kutaya ndalama, ndipo amapha nsomba ngati muli ndi kadamu. Chimodzimodzi Bt, amene amapangidwa kuchokera ku mabakiteriya, wogulitsidwira mbozi za kabichi ndi chimanga: ndi wabwino, alibe ngozi, koma ana a zikumbu samumva.

Kathiridwe ndi kofunika kuposa ukali wa mankhwala. Tchetchani kaye kuti maluwa a udzu wachilendo amene njuchi zimaterapo achoke. Palani ndi leki zinyalala za udzu wakufa zounjikana kutsinde, chifukwa zimamwa mankhwala asanafike pansi. Dothi likhale lonyowa koma losadikha madzi, ndipo musathire kumwamba kutalenga chimvula, chingakokolere zonse mungalande. Mukathira, thirirani ndi madzi okwana ngati sentimita imodzi kuti mankhwala atsikire kumizu. Ikani chitini chopanda kanthu pabwalo, madzi akafika sentimita imodzi m'chitinimo mutseke mpopi. Mulingo tsatirani wa palebulo ndendende, kuwonjezera "kuti agwire bwino" sikupha mbozi zambiri. Siyani malo ozungulira borehole osathira. Wopoperayo, amene nthawi zambiri ndi mnyamata wa ntchito uja, mum'patse jombo, magolovesi, chophimba mphuno ndi malaya a manja aatali, akatha asambe ndi sopo. Ndi mwana wa munthu nayenso. Adzukulu ndi galu asapondepo mpaka udzu utauma ndi nthawi ya palebulo itakwana, nkhuku zikhale m'khola kwa nthawi yaitali kuposa pamenepo. Botolo lotha musalisandutse la madzi kapena la mafuta ophikira.

Palinso njira zachilengedwe. Pali tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, totchedwa Heterorhabditis, timene timalowa m'thupi la mbozi n'kuipha, komanso nkhungu zotchedwa Metarhizium ndi Beauveria. Zimagwira ngati dothi lili lonyowa ndipo mwathira madzulo, koma n'zamoyo, zikakhalitsa pashelefu potentha zimafa, ndiye muone tsiku lake musanalipire. Nimu amachepetsako kudya kwa timbozi tating'ono, koma pa zazikulu za mu Febuluwale musayembekezere zodabwitsa.

Nkhondo yeniyeni, amayi, ili mu Okutobala ndi Novembala akubwerawa. Zikumbu zikayamba kuuluka, zimitsani magetsi owalira pakapinga kwa milungu ingapo ngati chitetezo chikulola, kapena ikani mababu a kuwala kwachikasu amene sakopa tizilombo kwambiri. Pansi pa getsi limene simungazimitse ikani beseni la madzi a sopo, m'mawa muzikhuthula. Chikumbu chachikazi chilichonse chomira m'besenimo ndi mazira ambiri amene sanafike m'dothi. Chepetsani kuthirira nthawi imeneyo, pamwamba paziuma pakati pa kuthirira kwina ndi kwina, chifukwa mazira ndi timbozi tongoswa kumene sitipirira dothi louma. Kuthirira kwambiri kamodzi kapena kawiri pasabata kumazamitsa mizu kuposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Kumayambiriro kwa Disembala dulaninso timagawo tija muwerenge. Mukapeza tambiri tating'ono, imeneyo ndiye nthawi imene mankhwala pang'ono amagwira ntchito yaikulu. Muzisamalanso ndi zobwera ndi lole. Dothi lakuda, manyowa a ng'ombe osapsa ndi kapinga wogula m'mbali mwa msewu nthawi zina zimabwera ndi mbozi zake. Musanayale, fumbulani muone.

Thandizo lina mulifune ngati mwakumba malo ambiri osapeza mbozi koma zigamba zikukulabe, ngati masamba akuchita mawanga kapena nkhungu, kapena ngati vutoli likubwerera chaka ndi chaka ngakhale mwachita zonsezi. Ikani mbozi zingapo m'kabotolo ka sipiriti, mudule kachigawo ka udzu ndi dothi lake kuchokera m'mphepete mwa chigamba, mupite nazo kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kapena ku ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi, ku Mount Makulu, ku Chilanga, kumene kuli akatswiri a tizilombo. Kudziwa mtundu wake kumathandiza kudziwa ngati ndi wa chaka chimodzi kapena ziwiri. Mukaitana kampani yopopera, ikuonetseni chiphaso chake ndi botolo la mankhwala, ndipo ikayamba kupopera isanakumbe ndi kuwerenga, ibwezeni.

Ndipo ngati aneba aja anakupatsani kale kapaketi, kachotseni pamene mwana angafike lero lomwe. Munthu akagwira kapena kumwa mankhwala otere n'kuyamba kutuluka dovu, thukuta, kusanza, kunjenjemera kapena kubanika, musam'patse mkaka ndipo musamusanzitse. Muvuleni zovala zokhudzidwazo, mumusambitse ndi sopo, muthamangire naye kuchipatala chapafupi kapena kuchipatala chachikulu cha UTH, paketi kapena botololo lili m'manja. Galu akaonetsa zomwezo, kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo.